Kodi anamuchitira chilungamo James Anderson pomuuza kuti apume?

Madala a pa Chitakale analemba:

Abale anga, ndikudziwa kuti pano timakamba kwambiri za Bullets ndi Manoma, koma lero ndiloleni ndibweretse ya kiriketi chifukwa yandikhala pamtima. Lachisanu lapitali, pa 12 July 2024, James Anderson wa ku England waponya mpira wake womaliza m'masewera a Test, aja a pakati pa mayiko amene amatha kutenga masiku asanu, pa bwalo la Lord's ku London, akusewera ndi West Indies. Funso langa ndi lakuti: munthu amene ntchito akuyithabe, ndi bwino mabwana kumuitana n'kumuuza tsiku loti asiye, kapena azimusiya kuti tsikulo asankhe yekha? Ndikufunsa chifukwa Anderson sanapume mwa kufuna kwake. Mphunzitsi wa timu Brendon McCullum, kaputeni Ben Stokes ndi mkulu wawo Rob Key anakhala naye pansi n'kumuuza kuti maso awo ali pa ulendo wa ku Australia wa kumapeto kwa 2025, ndipo iye sali m'mapulani amenewo.

Ine kiriketi ndinaidziwira ku Joni. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa sukulu ina ku Pretoria, yosamalira mabwalo: kutchetcha kapinga, kuthirira, kuyendetsa rola pa kamzere kapakati kaja ka mayadi 22 mpaka dothi lilimbe. Ana akamaliza kusewera, ndine ndinkakwirira maenje amene oponya mwaliwiro amakumba ndi phazi lakutsogolo. Amenewo anali ana a sekondale, koma dzenje lake unkachita kuthira dothi ndi fosholo. Ndiye ndikamva kuti munthu waponya mipira yoposa 40,000 m'masewera a Test okha, ndimadziwa zimene bondo ndi msana wake zapirira.

Taonani pamene wafika. Anayamba mu May 2003 pa Lord's pomwepo, ali ndi zaka 20, akusewera ndi anansi athu a Zimbabwe, ndipo ulendo woyamba womwewo anagwetsa mawiketi 5, kutanthauza kuti anatulutsa omenya asanu. Kaputeni wa Zimbabwe tsiku limenelo anali Heath Streak, amene anatisiya chaka chatha. Anzake onse amene anayamba nawo anapuma kalekale, ena ndi aphunzitsi, ena amalankhula pa kanema, iye akuthamangabe. Wasewera ma Test 188, ndipo womuposa ndi Sachin Tendulkar yekha ndi 200, amene anali womenya, osati woponya. Mawiketi wagwetsa 704. Pamwamba pake pali anthu awiri basi, Muttiah Muralitharan ndi 800 ndi Shane Warne ndi 708, ndipo onsewo anali oponya mozunguza mpira, aja amangoyenda masitepe ochepa n'kuponya ndi zala. Mwa othamanga, womutsatira ndi mnzake Stuart Broad ndi 604.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Anatsala ndi mawiketi 4 okha kuti amupeze Warne. England yatsala ndi ma Test ena 5 pakwawo chaka chino, awiri ndi West Indies, atatu ndi Sri Lanka, ndipo imodzi mwa amenewo idzachitikira ku Old Trafford ku Manchester, bwalo la timu yake ya Lancashire, kumene mbali imodzi ya bwalo anaitcha dzina lake. Munthu wolephera bwenzi ndikumvetsa. Koma kutangotsala sabata kuti apite ku Lord's anagwetsa mawiketi 7 n'kupereka marani (zigoli za kiriketi) 35 okha posewerera Lancashire. Ku Lord's nako, amene munaona mpira umene anatulutsira kaputeni wa West Indies pa nthawiyo, Kraigg Brathwaite, mundiuze ngati ndi wa munthu wotha ntchito. Unabwera ngati ukudutsa, kenako n'kukhotera mkati, mitengo gwe! Broad anasankha yekha chaka chatha, n'kumaliza ndi wiketi pa mpira wake womaliza. Bwanji Anderson sanapatsidwe ulemu womwewo?

Aphunzitsi a ku Bvumbwe anayankha:

Madala, zikomo potikumbutsa kuti masewera si mpira wamiyendo wokha. Ine ndimaphunzitsako ana kiriketi madzulo kusukulu kwathu, ndi mipira ya tenisi yokulunga tepi, ndiye nkhaniyi ndaitsatira. Mundikhululukire, koma sindikugwirizana nanu.

Mwatchula mawiketi 7 a ku Lancashire, koma simunatchule za Ashes, mpikisano wa England ndi Australia, ya chaka chatha. Anderson anasewera ma Test 4 ndi Australia, pakwawo, n'kugwetsa mawiketi 5 okha, ndipo wiketi iliyonse inkamudyera marani opitirira 85. Chikho chimene England imachilirira ndi chimenecho, ndipo pofika 2024 inali isanapambaneko Test ngakhale imodzi pa dothi la Australia kuyambira January 2011. Akamadzapitanso kumeneko Anderson adzakhala ndi zaka 43. Kumeneko dzuwa limaswa mtengo, nthaka ndi yolimba, ndipo mpira wa Kookaburra umene amagwiritsa ntchito msoko wake umaphwa msanga kusiyana ndi wa Dukes wa ku England. Kumafunika anyamata oponya liwiro la makilomita 140 pa ola kupita m'mwamba. Anyamata amenewo sungawatenge kunyumba n'kukawaponya m'bwalo la Perth ku Australia osazolowera. Ayenera kuyamba kusewera panopa, ndipo malo m'timu ndi 11 basi.

Umboni unaoneka pa masewera omwewo. Gus Atkinson, mnyamata wa zaka 26 amene ankasewera Test yake yoyamba, anagwetsa mawiketi 12, Anderson 4. Komanso sanamutaye ayi. Anatsala naye m'timu mu 2024 ngati mlangizi wa oponya. Anamuuziratu nthawi ikadalipo, bwalo linadzaza, matimu onse awiri anandanda mizere kumuombera m'manja, ana ake anaimba belu loyambira masewera. Ndi angati amapuma chonchi?

Mnyamata wa pa Limbuli anayankha:

Ankolo, ine kiriketi ndimangoiona pa foni, sindiidziwa. Ngati munthuyo saponya mwaliwiro kuposa anzake, nanga amawatulutsa bwanji anthu mpaka 704? Tithandizeni ife a mpira wamiyendo timve nawo.

Madala a pa Chitakale anayankha:

Wafunsa bwino mphwanga. Mpira wa kiriketi ndi wolimba, wokutidwa ndi chikopa, ndipo pakati pake pamadutsa msoko wotukuka. Osewera amapukuta mbali imodzi pa buluku tsiku lonse kuti izinyezimira, ina n'kuisiya kuti ikhakhale. Woponya akaimika msoko uja bwino n'kuupendeketsa pang'ono, mpira umakhota uli m'malere, usanagunde pansi. Womenya amakhala wasankha kale poika bati yake, ndiye mpira ukasuntha ngakhale zala ziwiri zokha, umangokhudza m'mphepete mwa bati n'kukagwera m'manja mwa anthu oima kumbuyo. Kukachita chiperoni cha kwawoko, mitambo ili pansipansi, oponya otere ndiye amasangalala.

Luso la Anderson linali loti amaukhotetsa mbali zonse ziwiri popanda womenya kuona kusiyana pa dzanja lake. Ankathamanga ataubisa mpira ndi dzanja lamanzere kuti usaone kumene kuli mbali yonyezimira. Atakula anaphunziranso kuuponya msoko ukugwedera, moti ukagunda pansi ngakhale mwini wake sadziwa kumene ulowere. Tendulkar yemwe uja anamutulutsa ka 9.

Tsono aphunzitsi, ndakumvani, ndipo za Ashes ya chaka chatha simukunama. Koma Atkinson mawiketi 12 aja anawagwetsa mbali inayo kukuponya ndani? Womenya akapanikizidwa uku osapeza rani, amakayesa mwayi kwa mnyamata watsopano, n'kutuluka. Kuno ku esiteti, wotchola tiyi watsopano kapitawo samuphunzitsa ataima kumsewu. Amamuika mzere woyandikana ndi mayi amene watchola zaka zambiri, aziona m'mene manja akuyendera, masamba awiri ndi kansonga, osaswa tsinde. Mlangizi wokhala kunja kwa chingwe amalankhula nawe nthawi yopuma. Mnzako wa m'bwalo amakunong'oneza mpira usanaponyedwe, ataona m'mene womenya waimira. Anyamata amenewa akanapindula kusewera naye miyezi iwiri yokhayi, ulendo wa ku Australia ukanali kutali.

Mayi wa ku Luchenza anayankha:

Bambo, ine ndimagwira ntchito kuchipatala, mbali yothandiza anthu kuwongola ziwalo akavulala. Kiriketi ndimaonera limodzi ndi amuna anga. Ndingoonjezapo za thupi.

Woponya mwaliwiro akamaponda ndi phazi lakutsogolo, mwendo umalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lake kangapo, msana uli wopindika komanso ukupotoka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ambiri fupa la m'munsi mwa msana limachita mng'alu. Anderson yemweyo zinamuchitikira mu 2006, aphunzitsi atayesa kumusintha kaponyedwe, ndipo anadzakhala bwino atabwerera ku kaponyedwe kake kobadwa nako. Chinanso chinamusunga n'choti kuyambira 2015 sanasewerenso masewera a tsiku limodzi a dziko lake, anangotsala ndi Test.

Koma taganizirani Dale Steyn wa ku South Africa. Pa nthawi yake panalibe womuposa, mawiketi 439 m'ma Test 93 okha. Phewa linathyoka ku Perth mu 2016, atangobwerera chidendene chinavulala ku Cape Town mu 2018, ndipo zaka zake zomaliza zinathera kwa madokotala. Tsiku lopuma linasankhidwa ndi thupi. Anthu olimbikira chonchi sadziwa kunena kuti ndatopa, ndimawaona kuntchito. Mukawasiya kuti asankhe okha, amadikira mpaka chinachake chiduke. Kwa ine, kutuluka m'bwalo ukuyenda ndi miyendo yako pa zaka 41 ndi mwayi waukulu, ngakhale wakuuza ndi munthu wina.

Wa ku Makwasa anayankha:

Achimwene a pa Chitakale, inu munakhala ku Joni, ndiye ndikudabwa kuti mukulirira Anderson osatchula Makhaya Ntini. Mwana wa kumudzi ku Mdingi, woweta ng'ombe, munthu wakuda woyamba kusewerera South Africa mu Test mu 1998. Mu 2003 anagwetsa mawiketi 10 pa Lord's pomwepo n'kugwada kupsompsona nthaka, Anderson ali mnyamata m'timu ya England tsiku limenelo. Anasewera Test yake ya 100 ku Centurion mu December 2009, yotsatira ku Durban, basi osasankhidwanso. Anali ndi zaka 32 zokha, mawiketi 390. Anadzamutsanzika patapita chaka ndi kamasewera ka T20, kaja ka maola ochepa, pa bwalo la Moses Mabhida ku Durban. Mu 2020 anaulula pa kanema kuti ankakhala yekhayekha m'timu muja, moti ankalolera kuthamanga wapansi kuchokera ku hotela kupita kubwalo kusiyana n'kukwera basi ya timu. Ameneyo ndiye ndimamumvera chisoni ine. Anderson anatsanzikidwa ngati mfumu.

Madala a pa Chitakale anayankha:

Achimwene a ku Makwasa, mwandigwira pamtima. Ku Centurion mu 2009 ndinalipo, tinakhala pa kapinga paja pamene anthu amayala nsalu, ndipo Ntini akamathamanga kuchokera kumalire tinkaimirira tonse. Palibe mwa ife anadziwa kuti tikumuona komaliza pa bwalo limenelo. Zoona, zake zinali zowawa kuposa, ndipo ana athu amene ayamba kiriketi kuno ayenera kulidziwa dzina limenelo asanadziwe la Anderson.

Mayi a ku Luchenza, za Steyn ndavomera. Komabe Anderson sanali kudwala, ndipo ine sindikunena kuti akanapita naye ku Australia. Ndikunena za August yekhayu, ku Old Trafford, pamaso pa anthu akwawo, akuthamanga kuchokera mbali yotchedwa dzina lake. Munthu amene wakutumikirani zaka 21 mukhoza kumufunsa kuti akufuna kumalizira pati. Pamenepo sindisuntha.

Aphunzitsi a ku Bvumbwe, zoti mukuphunzitsa ana zandisangalatsa kwambiri. Timu yathu ya Malawi yakhala ikusewera ma T20 ovomerezeka kuyambira 2019 pamene inakumana ndi Mozambique, ndiye ana amenewo ali ndi kolowera. Koma mpira wa tenisi ulibe msoko, sangaphunzirepo kagwiridwe. Ndili ndi mipira yeniyeni yachikopa imene ndinabwera nayo, yakale koma msoko ulipo, ndi bati imodzi. Loweruka likubwerali ndikupita ku Limbe kukaoda katundu wa golosale, ndikhoza kutsika pa Bvumbwe pobwerera. Mundilembere kumbali mundiuze nthawi imene ana amasonkhana, ndipo musawalole aang'ono kumenya mpira umenewu opanda zotchinga miyendo.