N'chifukwa chiyani Malawi ali mu SADC komanso mu COMESA?

Wophunzira wa ku Dedza: Ndikukonzekera mayeso a MSCE, ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chikundizunguza mutu. Ngati mabungwe a SADC ndi COMESA onse cholinga chake ndi kufewetsa malonda pakati pa mayiko, n'chifukwa chiyani dziko lathu lili m'mabungwe onse awiri m'malo mosankhapo limodzi?

Mphunzitsi wopuma: Mwanawe, tenga mapu uyambe wayang'ana mayiko amene tayandikana nawo. Zambia ili m'mabungwe onse awiri, koma Mozambique ndi Tanzania ali mu SADC mokha, chimodzimodzinso South Africa, komwe kumachokera katundu wambiri amene umamuona m'masitolo a ku Lilongwe ndi Blantyre. Kenya ndi Egypt, omwe ndi misika ikuluikulu, ali mu COMESA koma mu SADC mulibe. Choncho titati tisiye bungwe limodzi, ndiye kuti tadzitsekera khomo lina.

Magwero awonso ndi osiyana. SADC inayamba ngati SADCC mu 1980 ku Lusaka, pomwe mayiko a kum'mwera kuno ankafuna kuchepetsa kudalira South Africa ya tsankho, ndipo inasanduka SADC mu 1992 ku Windhoek. Likulu lake lili ku Gaborone. COMESA inabadwa mu 1994 m'malo mwa mgwirizano wakale wa malonda wotchedwa PTA (Preferential Trade Area), likulu lake lili ku Lusaka, ndipo kuyambira pachiyambi maso ake anali pa malonda. Mwina sukudziwa kuti Bingu wa Mutharika anali mlembi wamkulu wa bungweli asanakhale mtsogoleri wa dziko lino.

Mayi wa geni ku Mchinji: Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezereko zomwe ndimaziona ndi maso pa chipata cha Mchinji ndikamapita ku Chipata. Anthu ambiri amaganiza kuti mgwirizanowu ukutanthauza kuti katundu aliyense amangodutsa ulere, pomwe sizili choncho. Msonkho wa pachipata amauchotsa pa katundu amene wapangidwa kapena kulimidwa m'dziko la mamembala, ndipo umafunika chikalata chotsimikiza komwe katunduyo wachokera. Ukanyamula nsapato zopangidwa ku China, ngakhale wazigula ku Lusaka, sizisanduka za ku Zambia ayi. Ife a mpamba wochepa tili ndi dongosolo lathu lofewerako la COMESA, koma limakhudza katundu yekhayo amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana.

Woyendetsa thanki ya mafuta: Ine ndikuona kuti nkhani ya msonkho timaikulitsa kwambiri. Vuto lathu lenileni ndi mtunda, chifukwa Malawi alibe doko la pa nyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza zimachokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo galimoto ikagona masiku angapo pa Songwe kapena pa Mwanza kudikira mapepala, mtengo wa masiku amenewo amaulipira ndi mlimi wogula thumba la feteleza. Palinso nkhani ya ndalama zakunja: timagulitsa kunja makamaka fodya, tiyi ndi shuga, koma timagula zambiri kuposa zomwe timagulitsa. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe bungwe mwa awiriwa lomwe likanaletsa mitengo kukwera.

Wophunzira wa ku Dedza: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kuti mbatatesi zathu zikamalowa ku Mozambique kudzera pa chipata cha Dedza, zimayendera malamulo a SADC osati a COMESA, sichoncho aphunzitsi?