Zoyesera za sayansi ndi ana pakhomo

Mayi wa ku Nchalo: Aphunzitsi, ndi zoyesera ziti za kemisitiri zomwe ana angachite ndi zinthu zakukhitchini?

Mphunzitsi, Bangula: Mayi, thirani viniga theka la kapu m'botolo, ndipo soda masupuni awiri aang'ono m'chibaluni. Vekani chibalunicho kukamwa kwa botolo, muchiimike kuti soda agwere m'vinigamo. Mpweya wa carbon dioxide uchifufumitsa. Chikakana, ndiye kuti mpweya ukuthawira pakamwa, mangani ndi mphira. Osatseka botolo ndi chitsekerero, lingaphulike.

Bambo wa ku Ngabu: Viikani chidede m'madzi otentha, musefe. Mukadonthezamo madzi a bwemba, kufiira kumawala. Chidulo chimawasandutsa obiriwira modera. Chidulocho chisagwere ana m'maso.

Mphunzitsi, Bangula: Sodayo akhale wophikira therere. Wopangira sopo amawotcha khungu.