Ndidziwa bwanji kuti pamchombo papola kuti ndisinthe ndolo?

Nachi_wa_ku_Katoto

Moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene munabooletsapo mchombo, kapena amene mumadziwa za zilonda. Ine ndinabooletsa mu Epulo ku Lilongwe nditapita kukaona achemwali anga. Woboolayo anandiika kachitsulo kokhota kokhala ndi timipira tiwiri, kena pamwamba, kena m'kati mwa mchombomo, n'kundiuza kuti ndisachotse mpaka papole. Koma kupolako ndidzakuzindikira bwanji, sanandiuze, ndipo foni yake sikupezekanso.

Pano tili mu Okutobala. Ndikangokhala sipapweteka, kufiira kunatha kale. Koma masiku ena m'mawa ndimapeza tinkhanambo toyera titauma pakachitsulopo, makamaka bowo lakumtunda. Ndikamanga chitenje molimba kapena kuvala jinzi yofika pamchombo, pofika madzulo pamakhala pakuwawa pang'ono. Ndikakwera kabaza kuchokera kumsika, batani la jinziyo limakanikiza pomwepo.

Mu Disembala msuweni wanga ali ndi chinkhoswe ku Nkhata Bay, ndipo mawa lake atsikana tagwirizana kukasambira kunyanja. Ndinagula kale ndolo yolendewera ya timiyala kwa mtsikana wina amene amaoda katundu ku Dar es Salaam. Ndi yokongola, mtima ukundifulumiza kuti ndiivale. Kodi ndingasinthe pano? Ngati ayi, ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe kuti nthawi yakwana?

Mercy_Chibavi

Asisi, ine ndinasintha patatha miyezi inayi yokha ndipo sindinaone vuto. Ndinangopukuta ndolo yatsopanoyo ndi sipiriti n'kulowetsa. Miyezi 6 ndi yambiri, ndikuona ngati mutha kusintha.

Mai_a_Tiya_Luwinga

A Nachi, musasinthe kaye. Ine ndinagwira ntchito zaka zingapo mu shopu yoboola ndi kujambula thupi ku Johannesburg ndisanabwerere kuno, ndipo funso lanuli ndi limene atsikana ankandifunsa kuposa lina lililonse. A Mercy, ndakondwa kuti inu zinakuyenderani, koma matupi amasiyana, ndipo zimene a Nachi afotokozazi zikuonetseratu kuti kwa iwo sipanapole.

Bowo la pamchombo limatenga miyezi 6 mpaka 12 kuti lipole, kwa ena kupitirira chaka. Ndolo ya kukhutu kunsi kuno imapola m'masabata 6 mpaka 8, ndiye anthu amatengera zimenezo n'kumaganiza kuti mchombo nawo ndi chimodzimodzi. Koma mimba imapindika nthawi iliyonse mukakhala pansi, mukawerama potsuka mbale, mukagona chafufumimba, ndiponso ndi pomwe chitenje, lamba ndi zipi zimadutsa. Chilondacho sichipuma.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti bowoli limayamba kupola kunja, m'kati n'kumatsalira. Thupi limapanga kanjira ka khungu latsopano kozungulira kachitsulo, kuyambira m'mabowo awiri aja kulowera pakati. Kunja pamatha kuoneka bwinobwino pomwe pakati pakadali pofewa kwambiri. Zili ngati mbatata yowotcha pamakala: kunja yapsa, mukaibenthula pakati mupeza yaiwisi. Mukachotsa kachitsulo n'kukankhiramo kena, mumang'amba kakhungu kanthete kaja, ndiye kupola kuyambiranso.

Tinkhanambo toyera timene mukupeza m'mawato si mafinya, musaope. Ndi timadzi timene thupi limatulutsa pamene likukonza chilonda, tikauma timaoneka toyera kapena tachikasu pang'ono. Koma kupezeka kwake ndi uthenga woti ntchito ikadali m'kati. Ine ndinkauza makasitomala anga kuti ayambe kuwerenga kuchokera tsiku limene taleka kutuluka, papite mwezi wathunthu kapena iwiri popanda chilichonse. Mukaona tabwereranso, muyambirenso kuwerenga.

Kuwawa kwa madzulo mukavala jinzi ndi chizindikiro china. Bowo lopola silimva kuwawa mukalikanikiza pang'ono ndi chala chosamba, ngakhale mutatandala ndi chovala chothina. Yang'ananinso milomo ya mabowo onse awiri pagalasi, pamalo owala. Ikapola imakhala yosalala, yopindikira m'kati pang'ono monga bowo la kukhutu lakalekale, ndipo mtundu wake umafanana ndi khungu lozungulira. Kwa ife akhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye musadalire zoti "sipakufiira". Onani ngati pali mkombero wakuda kwambiri, wonyezimira kapena wotukuka. Komanso posamba, thupi litanyowa, kachitsulo kopola kamasuntha kokha mosavuta. Musakapotokole dala kuti muyese, kupotokolako kumalowetsa nkhanambo m'kati n'kukanda chilonda.

Tsopano za ndolo mwagulayo. Yolendewera imalemera, imakoka bowo pansi, ndipo imakola m'zovala ndi m'thaulo. Ngakhale mutapola, ndolo yoyamba kusinthira isakhale imeneyo. Muisunge, mudzaivala pa zochitika kwa maola ochepa bowo litakhwima. Chinanso, ndolo zambiri zotchipa zimangopakidwa mtundu wagolide kapena wasiliva pamwamba, pansi pake pali chitsulo chosakaniza ndi nickel. Utoto uja ukasupuka, nickel imayabwitsa anthu ambiri, pamatuluka totupa n'kumachucha madzi. Ngati batani la jinzi kapena ndolo za kukhutu zotchipa zinakuyabwitsanipo, dziwani kuti thupi lanu silikugwirizana nayo. Yabwino ndi titanium yomwe madokotala amaika m'thupi, papaketi pamalembedwa ASTM F136, kapena golide weniweni wa 14k kupita m'mwamba. Siliva ayi, amachita dzimbiri lakuda ndipo amatha kusiya banga pakhungu.

Muonenso kukula kwake. Kachitsulo ka pamchombo nthawi zambiri kamakhala 14 gauge, kutanthauza kunenepa kwa 1.6 mm, ndipo kutalika kwake kumakhala cha m'ma 10 mm. Poboola timaika kotalikirapo, 11 kapena 12 mm, kuti pakatupa pakhale malo. Kowonda kwambiri kamadula khungu pang'onopang'ono, kofupika kamamira. Mukatsegula kampira ka ndolo mwagulayo, onani pomwe pali mazinga omangira. Akakhala kunsonga kwa kachitsuloko, ndiye kuti mazingawo adzadutsa m'bowo lanu akupala. Zabwino ndi zomwe mazinga ali pakampira, kachitsulo kali kosalala mpaka kumapeto.

Za sipiriti zija, a Mercy, pepani koma sindikugwirizana nazo. Sipiriti, Dettol ndi hydrogen peroxide zimawotcha khungu latsopano limene tikufuna kuti likule. Ndipo kupukuta ndolo ndi sipiriti si kupha tizilombo tonse, m'mashopu enieni amaphika zida mu makina otchedwa autoclave. Potsuka pachilonda, gulani normal saline ku famase, aja madzi a diripi olembedwa 0.9%. Muzithirapo kawiri patsiku, n'kuumitsa ndi gozi kapena tishu yoyera, osati thaulo lomwe mwasambira. Madzi amchere osungunula nokha kunyumba amachuluka mchere kawirikawiri, ndiye amaumitsa khungu.

Sister_Linda

Ndine namwino kuno ku Mzuzu. Zimene anena a Mai a Tiya ndi zoona, ndingowonjezera za mbali yathu.

A Nachi, musiyanitse kupola kochedwa ndi chilonda cholowa tizilombo. Pakatupa kwambiri, pakatentha mukagwira, ululu ukamakula tsiku ndi tsiku, pakamatuluka mafinya okhuthala achikasu kapena obiriwira onunkha, kapena kutupako kukamafalikira pamimba, bwerani kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Mapale kapena chipatala chilichonse chapafupi adzakuonani. Thupi likatentha kufika madigiri 38, musangoti ndi malungo n'kukagula mankhwala. Kayezetseni, ndipo muwaonetse adokotala pamchombopo. Atsikana ambiri amabisa poopa kudzudzulidwa, ndiye timapereka mankhwala tisakudziwa gwero lake. Ife ntchito yathu ndi kuchiza, onetsani basi.

Zikatero musazule kachitsuloko nokha. Mukakachotsa, mabowo amatsekeka kunja, mafinya n'kutsekeredwa m'kati, pamabwera chithupsa chofunika kung'amba. Asiyeni achipatala aone ngati kachoke kapena kakhale. Musagulenso ma antibayotiki pagolosale n'kumwa masiku awiri, zimenezo zimangolimbitsa tizilombo.

Za kunyanja: madzi a m'nyanja, mumtsinje ndi m'madamu osambira amakhala ndi tizilombo tomwe timalowa pachilonda chosapola. Ngati mu Disembala tinkhanambo tidzakhale tikutulukabe, ine ndingati muzingoviika miyendo m'mphepete. Mukaumirira kulowa, matani pulasitala yosalowa madzi yomata mbali zonse zinayi, musakhalitse, ndipo mukatuluka mutsuke ndi madzi oyera ndi saline. Izi n'zosiyana ndi nkhani ya likodzo, lomwe limalowa ngakhale pakhungu lopanda bala.

Chinthu china chimene ndimafuna atsikana athu azidziwa ndi zipsera zotupa zija timati keloid. Anthu akhungu lakuda timazichita kwambiri kuposa azungu, ndipo zimayenda m'magazi. Ngati amayi anu kapena achemwali anu ali nazo kukhutu, pachifuwa kapena paphewa, samalani kwambiri, chifukwa kung'amba bowo mobwerezabwereza kumawonjezera mpata woti zibwere. Kachotupa kakang'ono kofewa pambali pa bowo nthawi zambiri kamabwera chifukwa cha kukhuzika, ndipo kamaphwa mukachotsa chimene chikukhuza. Keloid ndi yolimba, imakula kupyola malire a bala, ndipo siphwa yokha. Odwala shuga ndi osuta fodya nawo zilonda zawo zimachedwa kupola.

Nachi_wa_ku_Katoto

Zikomo kwambiri a Mai a Tiya ndi a Sister. Ndatsegula ndolo ija, mazinga alidi pakachitsulo, ndipo papaketi sipanalembedwe kuti ndi chitsulo chanji. Ndiisunga kaye. Kwathu palibe wa zipsera zotupa, ndiye mtima wakhalako pansi.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Ndimavala mikanda m'chiuno, ndipo ndikagona imakwera mpaka pamchombo. Kodi ingakhale ikuchedwetsa? Komanso ndayang'ana pagalasi monga munanenera, ndikuona ngati kachitsulo kakuonekera kwambiri kusiyana ndi poyamba. Kodi ndi kuphwa kwa chotupa chabe?

Mai_a_Tiya_Luwinga

Mikandayo ivuleni kaye, mwana wanga, kapena muimasule itsike m'munsi kwambiri kuti isafike pamchombo ngakhale mutagona. Ulusi wake umakola kampira usiku inu osamva, ndipo umasunga thukuta ndi mafuta odzola. Nyengo ino yotentha ndiye zimanyanya. Chitenje muzimangira m'munsi mwa mchombo kapena pamwamba penipeni, jinzi ya batani lija ipume mpaka chaka chamawa, muzivala siketi kapena diresi yotaya. Mafuta odzola asafike pabowopo.

Funso lachiwirilo ndi lofunika kuposa zonse mwafunsa. Zitha kukhala ziwiri. Mwina chotupa chaphwadi ndipo kachitsulo kautali kaja katsala ndi malo. Zikatero kamagwedera n'kumakola zovala, ndipo woboola wodziwa ntchito amakachotsa n'kuika kofupikirapo ka titanium ngakhale musanapole, chifukwa iye amagwiritsa kachida kotsogolera kotchedwa taper komwe kamalowetsa katsopano bowo lisanatsekeke, atavala magolovesi, zida zitaphikidwa. Kusintha kumeneku n'kothandiza kupola, n'kosiyana ndi kusintha nokha kubafa.

Koma mwinanso thupi likukankhira kachitsuloko kunja. Zizindikiro zake n'zakuti khungu la pakati pa mabowo awiri likucheperachepera, likupyapyala mpaka kachitsulo kumaonekera pansi pake, mabowo akukula, ndipo pamwamba pakutsala kamzere ka chipsera posonyeza pomwe kadutsa. Zimachitika kwambiri ngati anaboola pafupi ndi pamwamba, kapena ngati mchombo wanu umatsekeka mukakhala pansi. Zikayamba sizibwerera m'mbuyo, ndipo ndi bwino kukachotsa msanga kusiyana n'kudikira kuti kang'ambe khungu kokha, chifukwa chipsera chake chimakhala chachikulu. Pakapola bwino, ambiri amatha kubooletsanso.

Kuti mudziwe kuti ndi chiti, chitani izi. Imirirani mowongoka, ikani rula pambali, muyeze khungu la pakati pa mabowo awiriwo, n'kujambula ndi foni. Muzibwereza Lamlungu lililonse, malo omwewo, kuwala komweko. Muyezo ukakhala umodzimodzi kwa mwezi, ndiye kuti ndi chotupa chabe chinaphwa. Ukamatsika, kapena khungu lotsalalo likakhala lochepera 6 mm, musadikire Disembala, pitani kwa woboola wodziwa kapena kuchipatala sabata yomweyo. Mukapita kwa woboola, mufunseni akuonetseni autoclave ndi paketi ya ndolo isanatsegulidwe. Akakana kapena akatulutsa kamfuti koboolera makutu, tulukani, mukafunefune wina ngakhale kutanthauza kudikira ulendo wa ku Lilongwe.

Mukajambula zithunzi za masabata awiri oyamba, munditumizire ku inbox ndizione.