Mawindo a magalasi atatu: tigule kapena ndalamayo ipite ku batire?

Nachisale: Abale, ndithandizeni maganizo. Ine ndi bambo a kunyumba tikumanga kanyumba ka matabwa kufupi ndi Lairg, kumpoto kwa Scotland, malo oti mawaya a magetsi sanafike. Ndi ka sikweya mita 40, makoma ndi denga tayika insulation (zotchinga kuti kutentha kusathawe) yokhuthala, tiziwotha mbaula ya nkhuni, magetsi a sola. Tasemphana pa mawindo. A magalasi atatu (osanjikizana pa windo limodzi, m'malo mwa awiri) akudula moti ndalama yapamwambayo ingagule batire lina lalikulu. Bambo akuti tigule a atatuwo, ine mtima uli ku batire. Kodi ndi oyeneradi ndalama imeneyi?

Bambo a Tadala: Achemwali, ine ntchito yanga ndi yomanga kuno ku Glasgow, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Windo labwino la magalasi awiri U-value yake (nambala yoyeza kutentha kothawira panja) imakhala cha m'ma 1.2 mpaka 1.4, la magalasi atatu cha m'ma 0.8. Nambala ikachepa ndiye kuti kutentha kothawira panja kwachepanso. Tinene kuti mawindo anu onse ndi sikweya mita 10, mkati muli madigiri 20, panja pali 0. Kusiyana kwa kutentha kothawa pa mitundu iwiriyi ndi mawati pafupifupi 100, pa tsiku lonse 2.4 kWh (kWh imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi). Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino ili ndi mphamvu pafupifupi 4 kWh. Ndiye galasi lachitatulo likukupulumutsirani nkhuni zosakwana kilo imodzi pa tsiku lozizira. Ngati nkhani ndi kubweza ndalama basi, papita zaka zambiri zedi.

Mayi a Chikondi: Masamu anuwo sindikuwatsutsa achimwene, koma thupi silimva masamu. Kuno ku Winnipeg, ku Canada, ndagonapo m'nyumba za mitundu yonse iwiri. Galasi lamkati likazizira, munthu wokhala pafupi amamva kuzizira kumsana ngakhale chipinda chili chofunda, komanso mpweya wozizira umatsetsereka pagalasipo n'kumayenda pansi m'mapazi. M'nyumba yaikulu umasuntha mpando. Mu sikweya mita 40 usunthira kuti? Bedi, tebulo, pophikira, zonse zili pafupi ndi windo. Komanso mbaula imazima usiku, palibe wodzuka 3 koloko kukasonkhezera. Chimene chimasunga kutentha mpaka m'mawa ndi khoma ndi windo. Khoma lanu mwina lili pa 0.15, ndiye windo la 1.3 likutaya kutentha kuwirikiza kasanu ndi katatu pa sikweya mita iliyonse. Ine ndili mbali ya alamu anga.

Bambo a Tadala: Winnipeg ndi kwina amayi, kumeneko -30 si nkhani yachilendo. Ku Scotland mdani wamkulu ndi mphepo ndi chinyezi.

Nachisale: Komatu kuno nako kumaluma. Ku Altnaharra, komwe si kutali ndi kwathu, kunafika -27.2 mu Disembala 1995.

Bambo a Tadala: Zoona, koma zoterozo zimabwera patalipatali. Chimene ndimaona tsiku ndi tsiku ndi ichi: munthu wagula windo lodula, oyika aliyika mwachisawawa, m'mbali mwa felemu mphepo ikulowa. Pamenepo ndalama yapita m'madzi. Muyezo wa Passivhaus, wa nyumba zosataya kutentha, womwe nyumba yake yoyamba inamangidwa ku Darmstadt ku Germany mu 1991, umafuna mawindo a 0.8, inde, koma umafunanso kuti mpweya wodontha usapitirire 0.6 ya mpweya wa m'nyumba pa ola poyesa ndi chokupiza mphepo chachikulu chomwe amachiika pakhomo. Tepi yomatira m'mphepete ndi kuyesa kumeneku n'zotchipa kuposa galasi lachitatu, ndipo zikalakwika galasilo silikupulumutsani.

Achimwene Mavuto: Nonse mwaiwala batire lija. Achemwali, musagule. Batire silipanga magetsi, limangosunga omwe alipo. Kumene muliko mu Disembala dzuwa limakhalapo maola asanu ndi limodzi ndi theka, likumayenda chammunsi penipeni, masiku ambiri kuli mitambo. Mapanelo amatulutsa kachigawo kochepa kwambiri ka zomwe amatulutsa mu Juni. Batire limodzi likulephera kudzaza, lachiwirilo lidzadzaza ndi chiyani? Zili ngati kumanga nkhokwe yachiwiri chaka cha chilala. Ngati mukukana mawindowo, ndalamayo ipite ku jenereta yabwino kapena kamakina ka magetsi a mphepo, popeza mphepo ndiye muli nayo yambiri nyengo yozizira. Chinanso, mabatire a lithium a LiFePO4 satchajidwa kukazizira pansi pa madigiri 0, amawonongeka. Muwapezere malo mkati mofunda, osati m'shedi.

Mayi a Chikondi: Mwatero ndithu. Ndipo batire, jenereta, mapanelo, zonsezi mungawonjezere chaka chamawa mukapeza kangachepe. Windo ukaliyika waliyika. Kudzalichotsa ndiye kuti kuphwasula tepi, matabwa a panja ndi pulasitala ya mkati.

Anamaseko: Ine ndili ku Dedza kuno, sinowo sindinamuonepo, koma mawu oti nyumba yosalowa mphepo ndi mbaula andidetsa nkhawa. Mwezi wa Juni ndi Julaye timamva za anthu ogona ndi mbaula ya makala atatseka zonse, osadzukanso. Mwana wanga Nachisale, mpweya uzilowera pati?

Bambo a Tadala: Funso lofunika kwambiri azakhali. Mbaula ya m'nyumba yotere izikoka mpweya wake kuchokera panja kudzera pa paipi yakeyake, utsi uzituluka pa chumuni. Alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wochokera ku moto, ndi lamulo ku Scotland paliponse pamene pali mbaula yotere. Pafunikanso njira yosinthira mpweya wa m'nyumba, apo ayi nthunzi ya kuphika ndi kusamba ichita thukuta pagalasi, kenako chuku m'makona. Makina a MVHR amatulutsa mpweya woipa n'kubweza kutentha kwake kochuluka, koma amadya magetsi usana ndi usiku. Akakhala a mawati 30, pa tsiku ndi 0.72 kWh, ndipo mu Disembala pa sola imeneyo si nkhani yaing'ono. Apa ndivomere mbali imodzi: galasi lachitatu limachepetsadi thukuta lija chifukwa galasi lamkati limakhala lofundirapo.

Nachisale: Azakhali musade nkhawa, paipi ya mpweya ndi alamu zili kale pa pulani. Batire ndalisiya, achimwene a Mavuto mwandigonjetsa. Koma kodi n'kulakwa kusakaniza? Ndikuganiza a magalasi atatu kumpoto, kuchipinda ndi mbali imene kumachokera mphepo, ndiye windo lalikulu la kummwera likhale la awiri, poti ndamva kuti la atatu limachepetsako kutentha kwa dzuwa kolowa.

Mayi a Chikondi: Lalikululo ndi lomwe lizitaya kwambiri, achemwali. Dzuwa la Disembala ndi la maola ochepa, mdima maola oposa 17.

Bambo a Tadala: Kusakaniza kumachitika ndithu. Funsani mitengo iwiri, wa onse atatu ndi wosakaniza, ndipo akulembereni U-value ya windo lonse pamodzi ndi felemu, osati ya galasi lokha. Mufunsenso kulemera kwake, chifukwa galasi la atatu ndi lolemera pafupifupi theka kuposa la awiri, ndipo ngati msewu wa ku malo anu ndi woipa, lalikululo lifunika anthu angapo kulinyamula.

Nachisale: Msewu ndi woipadi, galimoto imathera pa geti. Ndiwaimbira Lolemba, mitengoyo ikabwera ndiyika pompano tiwerengerenso.