Mwana wapeza malo ku Nguludi: agone kuhositelo kapena tichite lendi?

Mayi a ku Nchalo:
Abale, ndigawireni nzeru. Mwana wanga wachisamba, wamkazi, wapeza malo ku Catholic University ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Bambo ake amadula nzimbe, ine ndimagulitsa milamba yowamba pamsika, ndiye kwacha iliyonse timaiwerenga kawiri. Alamu anga akuti bola kachipinda kalendi m'mudzi, ufa tizimutumizira, aziphika yekha. Komatu mwanayu chibadwire sanagonepo kumtunda kwa Thabwa. Inu amene munadutsamo, hositelo imathandizadi pa maphunziro?

Mnyamata wa ku Bangula:
Mayi, chaka choyamba musanyengerere, agone pasukulu. Ine ndinayamba ndi lendi. Ukaweruka m'kalasi uyambe wasaka makala, ukatunge madzi, nyemba zipse, pofika pogwira buku maso ali kale olemera. Anzanga a kuhositelo nthawi imeneyo ali kulaibulale, kapena aunjikana m'chipinda chimodzi kukambirana asainimenti mpaka usiku. Zambiri zimene ndinakhoza nditasamukira pasukulu ndinazimvetsa m'magulu amenewo, osati pamaso pa alekichara. Ndipo mumugulire bulangete lolemera ndi juzi. Ife ana a kuchigwa, chiperoni cha mu Juni chimatilowa mpaka m'mafupa.

Bambo a ku Ngabu:
Achimwene mwanena zoona, koma hositelo si mankhwala. Wanga anagona pasukulu, koma foni ndi macheza zinamudyera semesita yathunthu. Mwana wina amene anachita lendi ndi anzake awiri akhama anamaliza bwinobwino, ndalamanso zinachepa.

Mphunzitsi wa ku Chikwawa:
Sukuluyi ndi ya maepiskopi athu, inatsegulidwa mu 2006 pamalo amene kale panali koleji ya aphunzitsi ya Montfort, ndiye moyo wa pamishoni ulipobe. Ogona pasukulu Misa ili pafupi, kwaya ili pomwepo, wansembe woti mwana akamudandaulire akapanikizika aliponso, ndipo chipatala cha St Joseph's sichili kutali. Ngakhale a mipingo ina amaphunzira kumeneko. Kwa mtsikana wongochoka kumudzi, ine kuyenda mumdima kuchokera kulaibulale kupita kulendi ndi kumene sindikufuna. Imbani foni msanga mufunse za malo ndi mtengo wa chaka chino.

Mayi a ku Nchalo:
Takhuta nonse. Ndigulitsa mbuzi ziwiri, ayambe ndi hositelo. Alamuwo ndikawauza ndekha Loweruka.