Kodi njala ya 2002 ndamupatsira mwana wanga?

Mayi wa ku Chamama:
Ndinabadwa mu 2002, chaka cha njala ija. Amayi amati ali ndi pakati panga ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Pano ndili ndi mwana wa miyezi 7. Mlamu wanga, yemwe akuphunzira unamwino, akuti njala ikamupeza munthu ali m'mimba imasiya chipsera pa majini, tinthu ta m'thupi timene timatengera kwa makolo, mpaka ubongo umakhudzidwa. Ine masamu ankandizunza kusukulu. Kodi n'zomwezo? Nanga mwanayu ndamupatsira?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Mayi, alamu anuwo sakunama, angokuopsezani mopitirira. Zimenezo amazitcha epigenetics. Majiniwo sasintha ayi, koma pa DNA, chinthu chimene chimapanga majiniwo, pamamatirira tinthu totchedwa methyl, timene timachititsa jini kugwira ntchito kapena kukhala chete. Ku Netherlands kunagwa njala kuyambira 1944 mpaka 1945. Anthu amene amayi awo anali atangotenga kumene pakati pawo nthawi imeneyo, patapita zaka pafupifupi 60, anapezeka ndi methyl wochepa pa jini ya IGF2, yokhudza kakulidwe ka mwana m'mimba, poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Matenda a maganizo a schizophrenia analinso ochulukirapo pakati pawo, komabe ambiri sanadwale. Zoti chipseracho chimafika kwa mdzukulu, umboni wake mwa anthu ngofooka. Za masamuzo, kaye tiuzeni m'kalasi mwanu munali ana angati.

Mlangizi wa zaumoyo, Mchinji:
Achemwali, za 2002 zisiyeni, mwana wanu akadali m'masiku 1,000 oyamba, ochokera pa kutenga pakati mpaka zaka 2. Ubongo umakula mothamanga nthawi imeneyi. Pitirizani kuyamwitsa. M'phala muzithira nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, mchere ukhale wa ayodini, ndipo kusikelo musajombe. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti mtedza timalima tokha, koma wonse umathera kwa mavenda.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Si chakudya chokha. Gulu la Michael Meaney ku McGill University, ku Canada, linapeza mu 2004 kuti ana a makoswe onyambitidwa kwambiri ndi amayi awo amakula osanjenjemera msanga, ndipo kusiyanako kumaonekera pa jini yokhudza mahomoni a nkhawa. Ndi makoswe inde, koma mwanayo muzimunyamula, muzimuyankhula ngakhale sakuyankha.

Mayi wa ku Chamama:
Zikomo nonse. Kuyankhula naye sikuvuta, amalalata tsiku lonse. Vuto ndi dziralo. Apongozi akuti mwana akadya mazira amadwala khunyu, ndipo nkhukuzo ndi zawo. Alangizi, ndiwayambe bwanji?