Pempho la malangizo pa utoto wa mlombwa pansalu

Akuluakulu ndi anzanga pa luso la zojambula, ndikupempha nzeru zanu. Ndimajambula maluwa pansalu zathonje zoyala pathebulo, makamaka duwa loyera la mlambe lija lolendewera chozondoka, lomwe limatseguka madzulo n'kufota tsiku lotsatira. Posachedwapa ndinasiya utoto wa m'sitolo n'kuwiritsa makungwa a mlombwa, poti utomoni wake ndi wofiira ngati magazi, koma nditachapa nsaluyo kawiri ndi sopo, mizere yonse ya masamba inasuluka n'kutuwa, zomwe zinandipweteka mtima chifukwa ndinaigwirira ntchito sabata yathunthu. Kodi nsalu iyenera kuviikidwa m'chiyani ndisanapake utoto kuti ugwire? Nanga mchere umathandizadi, kapena pali njira ina imene inu munaiyesa n'kuiona kuti ndi yodalirika?